Zigubu Zinayi za Madzi a Buluu

Germiston, Joni
4 Ogasiti 2024

Okondedwa amake Melissa,

Muli tani kumeneko ku Nyachikadza? Ine ndili bwino, kungoti kuzizira kwa kuno sikunathebe, milomo yonse yang'ambika. Ndikhulupirira kuti inu ndi mwana muli bwino, ndipo miyendo ya amayi anu yayamba kulola.

Kalatayi ndapatsira a Ignasio, atransipota amene amanyamula katundu wa anthu kuchoka kuno mpaka pa Boma ku Nsanje. Akaisiya kwa alamu a Ernest, iwo akuwolotserani. Zoti foni yanu inagwera mu Shire ndamva, musadwale nazo mtima, bola simunagwere ndinu. Ndikanatha kumaimba pa ya alamu, koma m'chipinda muno timagona anthu asanu, ukalankhula mawu ako amakhala a onse. Ndiye ndizilemba. Zilembo zanga mukuzidziwa, ndinalekezera Sitandade 4. Pomwe pakukanikani mungoganizira.

Ntchito ndaipeza. A Saulos a kwa Katunga ku Chikwawa, amene ndikugona nawo chipinda chimodzi, ndi amene anandilowetsa pa fakitale imene iwo akugwira. Timapanga madzi ndi mafuta a galimoto za magetsi. Galimoto zimenezi sizimwa petulo, amazitchaja ngati foni. Ine ndinkayesa kuti poti mulibe moto ndiye sizitentha, koma akuti batire ndi mota yake zimatentha kuposa mchenga wa kwathu mwezi wa Okutobala. Ndiye timapanga zinthu ziwiri. China ndi madzi a buluu, amazungulira m'timapaipi kuziziritsa batire ndi mota. China ndi mafuta opepuka, ooneka ngati ophikira, amathira m'magiya kuti zitsulo zisadyane. Mafuta a injini wamba akuti saloledwa, amawononga waya wa m'kati mwa mota.

Ine ndili ku madzi a buluuwo. Ndimaika chigubu pa sikelo, kutsegula mpopi, chikadzaza kutseka, kumata pepala, kukankhira mnzanga. Tsiku lonse n'choncho. Msana umapweteka koma si ngati kudula nzimbe.

Chimene chandidabwitsa ndi ukhondo. Timavala magolovesi, chipewa cha pepala, ndi nsapato zosatuluka nazo panja. Pali mayi wina dzina lake Carol, ndiye amayeza chilichonse m'kachipinda kake ka magalasi. Akuti madzi a pampopi pang'ono chabe akalowa m'madzi a buluuwo, basi thanki yonse yawonongeka, chifukwa magetsi amayamba kudutsamo. Sabata yatha anabweza thanki yathunthu chifukwa wina analowetsamo paipi yonyowa. Ine ndinangoima ndikuganiza madzi amene mukumwa kumeneko, a matope a mumtsinje aja, ndi a pamjigo amchere aja. Galimoto kuno ikumwa zabwino kuposa mwana wanga.

Za mapepala anga musandifunse. Kapitawo sanafunse zambiri, inenso sindinayankhe zambiri. Popita ku ntchito timadzera kuseri kwa njanji, msewu waukulu uli ndi eni ake a yunifomu m'mawa.

Kangachepe ndatumiza kwa alamu, mugule sopo, mchere ndi nsapato za mwana. Chimanga cha kudimba musachikolole chisanaume chifukwa choopa akuba, kuli bwino muzikalondera masana. Mbuzi yaikazi musagulitse ngakhale wina abwere ndi mawu okoma. Melissa azigona m'neti tsiku lililonse, ngakhale kutenthe bwanji. Powoloka pa bwato muzimukhazika pakati pa miyendo yanu, osati pamphepete.

Moni kwa amayi ndi onse a pakhomo.

Ndine mwamuna wanu,
Golden


Germiston
8 Seputembala 2024

Amake Melissa,

Moni. Ndili bwino, kuzizira kwachepa. Kalata yanu ndinalandira, ndaiwerenga katatu. Mwati Melissa akamva injini ya boti pamtsinje amati ababa akubwera. Mumuuze kuti ababa akubwera koma boti lawo ndi lochedwa. Chifuwa chake chija ngati chabwereranso musadikire, pitani naye kuchipatala.

A Ignasio akunyamuka mawa. Katundu wanu ndi chikwama chimodzi cha mizeremizere, muli bulangete, diresi la mwana, ndi nsapato zanu za kutchalitchi. Ngati zathina muzipereke kwa amayi. Pamwamba pa chikwamacho ndamangirirapo zigubu zinayi zoyera za malita makumi awiri. Muziwerenge polandira, zinayi, ndipo chilichonse chili ndi chotsekera chake. Zimenezi ndiye katundu weniweni.

Ndikuuzeni mmene ndinazipezera, koma zithere m'kalata muno. Mayi Carol akabweza madzi kuti sanakhale bwino, amawakhuthulira m'thanki ina, zigubu zake n'kuziponya m'khola la waya kuseri kwa fakitale. Lachisanu lililonse kumabwera munthu ndi chimpeni, kuziboola chimodzichimodzi, n'kuzikweza m'lole. Zatsopano, Estere mkazi wanga. Zogwira ntchito tsiku limodzi lokha. Ndinaima pamenepo ndikukumbukira chigubu chanu chachikasu chija chimene ndinamata pansi ndi pulasitiki wosungunula, chimakudontherani kumsana njira yonse.

Ndinafunsa a Saulos kuti amaziboolera chiyani. Iwo anaseka, akuti, "Anthu a ndalama ndi choncho achimwene, akatha kudya amaswa mbale kuti iwe usadyerepo." Ndiye ndinati mbale zinayi zokha zipulumuke. Ndinkaponya chimodzi patsiku kuseri kwa mpanda nthawi yoweruka, n'kukachitola podutsa. Mapepala ake ndinamatula ndi madzi otentha kuti dzina la kampani lisaoneke panjira. Munthu akakufunsani munene kuti ndinagula. Musauze aliyense kuti zachokera ku ntchito, ngakhale alamu, nkhani imayenda.

Tsono mumve bwino. Zigubuzi ndi zaukhondo kuposa chilichonse chimene chinafikapo pakhomo pathu. M'kati mwake simunalowepo dzanja la munthu, ngakhale fumbi. Musazikweche ndi mchenga kapena phulusa ngati mmene mumachitira ndi zinazo, mungazikande m'kati, dothi n'kumabisala m'mikandomo. Kungotsukuluza basi. Chimodzi chikhale cha Melissa yekha, mumangepo kansalu kuti chizidziwika, muzithiramo madzi owiritsa. Chimodzi mupatse amayi. Ziwiri zotungira.

Pansi pa chilichonse patsala timadzi ta buluu pang'ono, sindinapeze mpata wokhuthula. Musataye. Lita imodzi ya madzi amenewa imaposa malipiro anga a tsiku. Muwathire onse m'botolo limodzi musunge, ndikadzabwera ndidzaona ngati a kalabu ya kudimba angawafune pa injini yawo yopopera madzi.

Lachitatu kunabwera alendo aja ofunsa mapepala pa msewu wa kufakitale. Anatenga anyamata awiri a ku Mozambique. Ine ndinali nditalowa kale. Musadandaule nazo, ndangoti mudziwe.

Denga la khola la mbuzi likonzedwe mvula isanayandikire. Mbatata za kumunsi kwa dimba mukumbe zoyamba, kumeneko ndi kumene mvuu zimayambira.

Mwamuna wanu,
Golden


Germiston
Lolemba, 23 Seputembala 2024

Alamu a Ernest, kalata iyi ifika pa foni yanu ngati chithunzi, a Saulos ndi amene ajambula ndi foni yawo. Ndaimba kasanu simukupezeka. Chonde mukangoiona musadikire mawa, wolokani nthawi yomweyo mukawawerengere achemwali anu. Muwerenge ndinu, palibenso chobisa.

Amake Melissa,

Moni, ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine thupi lili bwino.

Zigubu zija musazigwiritsenso ntchito. Ngati muli madzi, tayani kutali ndi nkhuku ndi mbuzi. Botolo limene ndinati musungiremo timadzi ta buluu, litengeni lero lomwe, mukumbe dzenje lakuya mulikwirire. Melissa asalione. Asalikhudze. Ndinakuuzani zolakwika.

Pa geti ya fakitale panali galu wa alonda. Lachisanu chigubu china chinadontha pabwalo ponyamula, galuyo anapita kukanyambita. Ndinamuona ndi maso anga. Masana ankayenda mozandima ngati wamwa kachasu, anthu n'kumaseka, inenso ndinaseka nawo. Lero m'mawa tamupeza atafa kuseri kwa kanyumba ka alonda.

Mayi Carol anaimitsa makina n'kutiitana tonse pabwalo. Chizungu chawo chimathamanga, ndiye a Saulos ankandinong'oneza m'Chichewa. Ananyamula kabotolo ka madziwo m'mwamba, akuti, "Awa ndi otsekemera ngati shuga. Galu amawakonda, mwana amawakonda. Akalowa m'thupi amakapha impso. Mwana wamng'ono masipuni awiri kapena atatu amukwana." Kenako analoza khola la waya lija, akuti, "Mukuganiza kuti zigubu timaziboola chifukwa cha nkhanza? Timaziboola kuti munthu asadzamwere."

Estere, ndinakumbukira botolo lija pomwepo. Ine ndinkaona magolovesi ndi zipewa zija ndinkati tikuteteza madzi ku litsiro lathu. Sindinaganize kuti chinthu chingakhale chaukhondo chonchija n'kukhalanso poizoni. Pa pepala lomata pachigubu pali chithunzi cha munthu ali ndi nyenyezi pachifuwa. Ndamata mapepala amenewo mazanamazana, ndinkayesa ndi chizindikiro cha kampani. Mwina tsiku loyamba anatiuza, koma linali tsiku la Chizungu chokhachokha, ndinkangogwedeza mutu kuti andilembe.

A Ignasio ndawapeza pa foni, akuti katundu anasiya pa Boma pa 15. Ndiye kuti zigubu zili pakhomo sabata yathunthu. Ngati munatsukuluza bwino mwina palibe kanthu, a Saulos akuti madziwo amachoka ndi madzi. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi botolo. Munaliika pati? Kukutentha tsopano, ndipo mwana uja chilichonse cha mtundu amati ndi firizesi.

Chigubu cha amayi mukachitengenso.

Mundiyankhe pa nambala ya a Saulos, ngakhale liwu limodzi lokha.

Golden


Germiston
Lachinayi, 26 Seputembala 2024, nthawi ya nkhomaliro

Amake Melissa,

Moni. Sindikufunsani ngati muli bwino, ndamva mawu anu.

Mayunitsi anatha tili pakati, ndiponso mumalira, zina sindinamve. Ndilembe zimene ndamva, ngati ndalakwitsa alamu akonze. Alamu anali ku Nchalo kodula nzimbe, foni inali yozima kuyambira Lamlungu, kalata yanga aiona dzulo madzulo. Dzulo lomwelo masana inu muli kudimba, Melissa anatsala ndi amayi. Anapeza botolo la sobo kuseri kwa thumba la chimanga. Amayi anamuona lilime lili buluu, akuyenda mozandima, akuseka yekha. Kenako kusanza, kenako kupuma mothamanga. Munawoloka naye dzuwa lisanalowe, tsopano muli kuchipatala cha pa Boma. Malungo amuyeza alibe. Kukodza wakodza kamodzi kokha, pang'ono.

Alamu musawakalipire. Amayinso musawanene. Inu munachita zimene ndinalemba, munasunga botolo monga ndinanenera. Wolakwa ndi mmodzi.

Mwati adokotala akufunsa dzina la chimene wamwa, inu mwangoti mankhwala a buluu, chifukwa ndinakuletsani kunena kumene zigubu zinachokera. Mawu amenewo ndawafafaniza. Auzeni zonse. Auzeni kuti bambo ake anaba zigubu ku fakitale ya madzi oziziritsira galimoto za magetsi ku Joni. Muwaonetse botolo, aone pamene panali madzi ndi pamene atsala.

Vuto ndi dzina. Linali pa mapepala amene ndinamatula ndekha. Ndathamangira ku sitolo ya fakitale kukaona pa zigubu zina, koma pali dzina la malonda ndi manambala, ndipo madzi a buluu timapanga a mitundu itatu, sindikudziwa kuti zanu zinali za mtundu uti. A Saulos afufuza pa foni, patuluka mayina ataliatali, ena akuti oopsa kwambiri, ena oopsa pang'ono. Tingatumize lolakwika adokotala n'kupereka mankhwala olakwika. Amene akudziwa kuti thanki imene inabwezedwa sabata ija munali chiyani ndi mayi Carol okha. Ali ndi pepala lake la madokotala, anatiuza Lolemba kuti limakhala m'kabati mwawo.

A Saulos andikokera kuseri kwa zimbudzi. Akuti, "Achimwene, ganizani kawiri. Mukanena, ntchito yatha. Akaitana apolisi afunsa mapepala, mapepala mulibe. Kenako afunsa kuti anakubweretsani ndani. Ine ndili ndi ana anayi kwa Katunga." Ndawauza kuti dzina lawo silituluka pakamwa panga. Akuti, "Nanga mungonama, munene kuti ndi mwana wa mnzanu." Ndati mayi aja si opusa, afunsa kuti madziwo anafika bwanji ku Nsanje, ndipo nthawi imene ndikupeka bodza mwana akudikira.

Sindikubisirani, ndikuopa. Ndikagwidwa mudzamva kwa a Saulos. Mukatero mbuzi mugulitse, zija ndinanena zisakumangeni.

Foni ya alamu ikhale yoyaka, ikhale pafupi ndi adokotala. Belu likangolira ndikukagogoda pa chitseko cha magalasi.

Golden


Germiston
Lachinayi lomwelo, madzulo

Amake Melissa,

Moni kachiwiri. Ndili bwino, ndili kunyumba, sindinagwidwe. Alamu akuti pepala lafika ndipo adokotala aliwerenga. Tsono ndikuuzeni mmene zinayendera, chifukwa pa foni munamva kwambiri mawu a mayi wachilendo.

Ndinagogoda. Mayi Carol anali akuyeza mafuta a magiya, sanatembenuke, anangoti ndidikire panja nsapato zanga ndi zakuda. Ndinalowabe. Chizungu chonse chimene ndinakonza chinathawa. Ndinangoti, "Madamu, mwana wanga wamwa buluu."

Anaika pansi chimene ananyamula. "Ali kuti?"

"Ku Malawi."

"Ku Malawi wamwa bwanji madzi a muno?"

Ndinawauza. Zigubu zinayi, mpanda wa kuseri, sabata yoyamba ya Seputembala. Ndinkadikira kuti akuwe. Sanakuwe. Anatsegula buku lawo, kuyenda ndi chala, kutulutsa pepala m'kabati. Kenako anandifunsa, "Ali ndi zaka zingati?" Ndinati zitatu. "Amalemera makilo angati?"

Chigubu chodzaza ndikudziwa kulemera kwake osayang'ana sikelo. Mwana wanga sindikudziwa. Ndinamusiya akuyamba kumene kuthamanga. N'chifukwa chake munamva ndikukuuzani kuti mutsegule buku la kusikelo. Munachita bwino kulitenga.

Anaimba ndi foni yawo, mayunitsi awo. Analankhula ndi adokotala nthawi yaitali, ndinkangomva dzina la Melissa pakati pa Chizungu. Anajambula pepala mbali zonse n'kutumiza. Atamaliza anandiuza kuti ndi mtundu woopsa uja, womwe unapha galu, koma adokotala akudziwa chochita tsopano, ndipo kusanza kuja mwina kunathandiza. Ndinafunsa ngati achira. Anati, "Sindine dokotala, sindikunamiza. Muziyang'anira mkodzo. Impso zikamagwira ntchito, mkodzo ubwera."

Kenako anavula magalasi n'kunena kuti, "Golden, izi ndiyenera kukanena kwa bwana. Sindingabise." Ndinati ndikudziwa.

Ku ofesi sikunatenge nthawi. Bwana anafunsa kuti ndinali ndi ndani. Ndinati ndekha. Anafunsanso, ndinati ndekha. Anafunsa amene anandibweretsa pa fakitale, ndinati ndinabwera ndi miyendo yanga. Anagwira foni ya patebulo, mayi Carol analankhula mawu angapo m'chilankhulo chawo, bwana anaibwezera pansi. Sindikudziwa chimene ananena. Ndinavula ovolosi ndi nsapato, kusiya khadi pa geti, basi. Masiku amene ndagwira mwezi uno akuti andipatsa. Tiona.

Potuluka mayi aja ananditsatira mpaka pakhomo. Akuti kuyambira mawa aika chithunzi chachikulu pa khola la waya, cha mwana ndi chigubu, chopanda Chizungu. Pothokoza ndinangoti takhuta, Chisena chinatuluka chokha. Sanamve koma anagwedeza mutu.

Tsono inu. Chilichonse chimene adokotala anena, chitani, ngakhale amayi atati tiyese kwina. Mwana asatuluke m'chipatala. Diripi asaizule, muzimugwira dzanja akamagona. Inunso mudye, munthu wanjala sangalondere wodwala. Akakodza, ngakhale dontho, muwauze anesi ayeze, ndipo alamu anditumizire uthenga.

Golden


Germiston
Lolemba, 30 Seputembala 2024

Amake Melissa,

Moni. Ine ndili bwino. Uthenga wa alamu wa m'mawa uno ndaumva. Akuti watsegula maso, wakuzindikirani, wapempha phala koma wadya masipuni awiri. Akutinso nkhope ndi mapazi zatupa, ndipo kuyambira Loweruka mkodzo sunakwane ngakhale theka la kapu. Akuti pofika Lachinayi zikapanda kusintha akutumizani ku Blantyre kumene kuli makina otsuka magazi.

Akatero musakane, musachedwe. Ku Blantyre simunapiteko koma ambulansi ikudziwa njira. Mutenge bulangete lija, kumtunda kumazizira. Alamu apemphe masiku kwa kapitawo wawo akuperekezeni. Mbuzi igulitsidwe tsopano, musadikire tsiku lonyamuka, ogula akaona munthu ali pachangu amatsitsa.

Mwandifunsa ngati ndikubwera. Ndaganiza zimenezi mpaka mutu kuwawa. Ndikakwera basi ndifika manja ali m'thumba, n'kukhala pabenchi pambali panu, pakamwa pena podyetsa. Ndikatsala, m'mawa ndimakaima pa maloboti pafupi ndi sitolo ya zomangira, amene akufuna munthu wonyamula simenti amaima. Loweruka ndinapeza, lero sindinapeze. Koma mukati bwerani, ndibwera. Ndipo zikafika poipa musandibisire kuti ndisadandaule. Mundiuze tsiku lomwelo.

Zimene amayi ananena za ine ndazimva, alamu sanafune kundiuza koma ndinawakakamiza. Akunena zoona. Musawayankhe.

Mwati amayi chigubu chawo anabwereketsa kwa mayi wogulitsa thobwa pa sukulu. Alamu apite lero akachitenge, asatume munthu. Akawauze mayiwo chifukwa chake mosabisa, ndipo afunse ngati pali mwana amene anadwala. Manyazi ndi anga, asawaope.

A Saulos akadali pa ntchito. Salankhula nane kwambiri, koma foni amaisiya pa bedi langa akamapita kosamba.

Mumuuze Melissa kuti ababa akuti amwe madzi amene anesi akumupatsa.

Golden


Germiston
Lachinayi, 3 Okutobala 2024

Okondedwa amake Melissa,

Muli tani? Ine ndili bwino. Lero ndikunena zoona.

Dzulo a Saulos anandisiyira foni tsiku lonse, akuti kuntchito sakuifuna. Inalira ndili pamwamba pa lole tikutsitsa matumba a simenti. Nditaona dzina la alamu ndinalephera kuyankha. Inalira mpaka kusiya. Ndinakhala pa thumba ndikuiyang'ana. Itayambanso, mnzanga wa ku Zimbabwe amene tinali naye anati, "Yankha iwe, foni siluma."

Alamu sanapereke n'komwe moni. Anangoti, "Alamu, mwana wanu watichititsa manyazi kuno. Wanyowetsa bedi la boma, matiresi onse, mpaka chitenje cha mayi wa bedi loyandikana." Ndinati abwereze. Anabwereza. Kumbuyo ndinkamva inu mukuseka, ndi anesi akukalipa kuti bwanji simunatchere kapu ayeze.

Ndinatsika pa lole ndikukhala pansi m'fumbi. Mwini katundu anabwera akukuwa kuti ndadwala kapena chiyani. Ndinamuuza kuti mwana wanga wakodza. Anandiyang'ana ngati wamisala, n'kundiuza kuti ndinyamule simenti. Ndinanyamula matumba awiriawiri.

Lero m'mawa akuti wakodzanso kawiri, kutupa kwayamba kutsika, za ku Blantyre aimitsa. Komabe musathamangire kutuluka. Adokotala akati sabata ina, ikhale sabata ina. Akati muzibwera naye mwezi ndi mwezi kudzayezetsa magazi, mufunse tsiku lenileni alembe m'buku, ndipo mufunsenso chochita nthawi ya madzi osefukira bwato likamavuta. Ngati n'kofunika mukhale kaye kwa alamu pa Boma mpaka mvula ithe, dimba lisakumangeni. Mufunse zakudya zimene akuloledwa, makamaka mchere ndi nsomba zouma. Mundilembere makilo ake a tsiku lotuluka, ndi a mwezi uliwonse.

Ndamva kuti ku sukulu kulibe mwana anadwala, mayi a thobwa anatsuka ndi phulusa katatu asanathiremo. Ndathokoza Mulungu kuti iwo sanalandire kalata yanga yoletsa phulusa ija. Alamu akuti zinayi zonse zili kwa iwo ndipo akufunsa ngati angasungiremo petulo wa njinga. Ayi. Lero petulo, mawa wina watsuka watungira madzi. Atenthetse chikwanje aziboole pansi ndi m'mbali, inu mukuona.

Mayi Carol ndawatumizira uthenga kudzera kwa a Saulos. Ayankha mawu awiri, a Saulos akuti akutanthauza kuti zakoma.

Ntchito yokhazikika sindinaipeze. Pali wina akuti pa malo otsukira galimoto ku Boksburg akufuna munthu, ndikaona Lolemba. Mwezi uno kangachepe kachepa kwenikweni, mundipirire. Ngati mbuzi inapita, inapita.

Chinthu chimodzi ndikupempheni, muwauzenso amayi. Mukabwerera kunyumba, mwana ameneyu akakodza pamphasa, masana kaya m'mawa, ngakhale pa bulangete latsopano lija, wina asamukalipire. Mungochapa.

Ndine mwamuna wanu,
Golden